Mayina Okhota pa Pulogalamu ya Chiliza

Mwana wanga Elube,

Moni kwa iwe ndi amuna ako ku Joniko. Kuno tili bwino, bondo lokha ndilo likuvuta. Kalatayi akundilembera mwana wa mnansi wathu.

Dzulo ndinapita ku Boma kukatayipitsa pulogalamu ya chiliza cha bambo ako. Pepala litatuluka, mayina a ana inu anali okhotakhota, lako, limene anandilozera, litathawira kumphepete ngati ndiwe mlendo. Nditadandaula, mayi wotayipa anati, "Agogo, imatero kompyuta." Ndinati, "Kuwerenga sinditha, koma mzere wokhota ndimauona. Ife polima timayamba takoka chingwe." Anaseka, nafufuta mipata imene ankakankhira mayinawo, n'kuwaika m'timabokosi. Onse anawongoka, lako lili pamwamba monga woyamba kubadwa.

Usalephere kubwera, udzawerenge wekha mayinawo pamanda. Mulungu akusunge.

Ndine mayi ako,
Nachisale