Misuku ya Kuseri kwa Chipatala

Lamulungu, 10 Novembala

Ndafika kwa amayi aakulu, a Rakele, kuseri kwa Kasakula. Msana wathera pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano. Kanyumba kanga ka makatoni kafika kamoyo, kangothyoka khonde. Zikomo Ambuye.

Ndilembe bwinobwino kuti ndidzanyade ndikadzakalamba. M'kalasi monse, a parishi asankha pulani yanga ine: nyumba yodikirira amayi oyembekezera, pafupi ndi chipatala chaching'ono cha kuno kwawo kwa amayi. Zipinda zinayi, khitchini, khonde lalitali, zonse zolowa pakati pa mitengo ya misuku kuti azimayi azipuma pamthunzi. Ndi yomweyonso projekiti yanga ya chaka chomaliza, yokapereka Lolemba pa 18. Sabata ino ndiyeze, ndikhome zikhomo, ndimange chingwe. Loweruka azibambo akumba maziko.

Amayi pafoni kuchokera ku Mponela: "Amanga pati?" Ndati pa misuku paja. Zii. Ndimayesa netiweki yathawa. Kenako angoti, "Wadya?"

Lolemba, 11 Novembala

Koma malowa ndi okongola, abale! Ndinangowaona kamodzi mu Julaye, kuli mphepo. Lero kunja ng'anjo, koma ukangolowa pansi pa mitengoyo pali zizirizi. Misuku 23, uliwonse ndinaupatsa nambala pa pulani. Wanga ndi 14, wopendekera kumadzulo, muzu wake ngati mpando. Pomwepo ndinajambulapo benchi.

A Festus, wapampando wa komiti, andigwirira tepi mmawa wonse. Akunditcha "a Injiniya". Ndi mkamwini wa ku Mvera, wolongolola ngati wailesi. Akuti malowa alibe mwini, sanalimidwepo, manda ali kutsidya kwa phiri, ndiye palibe chovuta.

Masuku mbwee pansi, ena akuwola, njuchi zokhazokha. Chonsecho ana a kuno amakwera phiri kukatola ogulitsa kumsewu. Ulesi wanji wosiya a pakhomo? Ine ndiye ndadya mpaka mimba kulira, nditakhala pa muzu wa 14. Kwathu masuku salowa m'nyumba. Ndili Sitandade 3 ndinabwera nawo m'thumba la yunifolomu, amayi anandiwaza khofi lomwe ndimalimvabe. Sananene chifukwa.

Chinanso. Malo oyandikana chonchi ndi chipatala, koma mulibe kanjira ngakhale kamodzi. Azimayi ochokera ku mjigo amazungulira kutali, ndowa pamutu, dzuwa lonseli. Ndawajambulira njira yodutsa pakati, adzandithokoza.

Lachiwiri, 12 Novembala

Msonkhano wa komiti. Ndayika kanyumba ka makatoni patebulo, azibambo m'manja phwaphwaphwa. Wina akuti akanakhala woyembekezera akanalembetsa lero. Azimayi awiri a mu komiti maso pansi. Mmodzi wangofunsa motsitsa mawu, "Mukumba kuya bwanji?" Ndati kulekeza m'chiuno. Wagwira pakamwa.

Pofika kunyumba a R. aona nthanga za masuku m'chikwama changa. "Watola kuti?" Nditanena, andigwira mkono, kuseri kwa nyumba, andisambitsa m'manja okha ngati kamwana, sopo mpaka m'zigongono. Ndimaseka poyamba. Iwo ayi.

"Safunsa anadya phula," atero. Ndati chabwino, ndafunsa tsopano. Anyamula beseni, apita.

Lachitatu, 13 Novembala

Sindikufuna kulemba, koma ndikapanda kulemba zikhala m'mutu.

Ndimakhoma zikhomo ndekha masana, a F. atapita kumaliro ku Mvera. Nthaka ya pamenepa ndi yolimba, chikhomo chilichonse mpaka thukuta. Koma cha pakona ya khitchini, pafupi ndi msuku 9, changolowa fwaa, kumenya kamodzi. Ndachizula kuti ndione. Kunsonga kwatuluka kansanza ka chitenje, kachikasu, kamaluwa. Sikakale ayi. Nditayang'anitsitsa, pamenepo dothi ndi lotukuka pang'ono, kamulu kotalika ngati mkono wanga, kokwiriridwa ndi masamba. Ndayang'ana pansi pa 8. Pansi pa 11. Timilu tina tophwa, tina tongotsala tizenje. Masiku atatu onsewa ndakhala ndikupondapo.

 Njuchi zija ngati zinaleka kulira, kapena makutu anga ndiwo anatseka.

Nditadzutsa mutu, m'mphepete mwa mitengo mwaima mtsikana, wochepa kwa ine. Osalowa. Amangoyang'ana mtengo uwu, uwo, winawo, ngati munthu wofuna m'bale wake pa depoti. Bulauzi yake yonyowa pachifuwa mbali zonse ziwiri. Kumbuyo alibe mwana. Ndati "Mwaswera bwanji?" Wayang'ana chikhomo m'manja mwanga, watembenuka, wapita.

Kansanza ndakabwezera ndi zala. Ndasamba katatu, ndikumvabe kukoma kwa masuku kukhosi.

Lachinayi, 14 Novembala

Mmawa ndakhala pamkeka pomwe a R. amasenda mtedza wa mbewu, ndati sindichoka. Ndanena za kansanza. Apitiriza kusenda mpaka lichero kudzaza theka, kenako anena, maso pa mtedza.

Pamenepo ndi pa nthayo. Ana obadwa atafa kale, ndi opita padera. Sapita kumanda a akulu. Amaikidwa ndi azimayi okhaokha, pansi pa msuku, m'chitenje, opanda bokosi, opanda nyimbo, opanda dzina. Dzenje lake losaya, kulekeza m'chigongono, akuti mukakumba lakuya mayi wake sadzaberekanso. Mwini mwana satengedwa, amatsala m'nyumba, ndipo salira.

Kulekeza m'chigongono. Ine ndalemba sentimita 90.

Ndafunsa kuti alipo angati. "Sitiwerenga." Mtsikana wa dzulo uja ndi Memory, zamuchitikira sabata yatha.

Ndinapsa mtima, ndisaname. Ndati bwanji simunanene mu Julaye? Miyezi inayi ndakhala ndikujambula nyumba ya amayi oyembekezera pamwamba pa ana akufa! Ndani akagonamo? A R. akuti, "Tinene kwa yani? A Festus ndi mwamuna, izi sizinenedwa kwa amuna, nawonso safunsa. Iwe sunabereke, sitiyenera kukuuza. Lero ndalakwira mwambo chifukwa cha iwe." Akuti azimayi amangoti mwina a parishi asintha maganizo, mwina mvula ibwera msanga.

Ndati nanga amayi anga ndi masuku? "Ukawafunse amako."

Masana ndaimbira a lekichala. Amvetsa, akuti ndi zachisoni, koma pulani yanga yonse yaima pa mitengoyo, ndikasuntha nyumba ndiye projekiti ina. Masiku anayi sangakwane zojambula zonse, ndipo yosatha salandira. Kubwereza chaka. Akuti zojambula ndipereke momwe zilili, zomanga ndi nkhani ya a parishi. Koma a parishi akumanga zomwe ndajambula ine, ndipo akumba mkuja.

Ndayesa a F. Ndati nthaka ya pamenepo ndi yofewa malo ena. Aseka: "Ndiye bwino, a Injiniya, makasu sathyoka!" Mawu anafika pakamwa, ndawameza. Si anga oti ndinene.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Amayi sakuyankha foni, kasanu konse.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndakwera kumtunda kwa chipatala mmawa, pa chitunda chamiyala pomwe amamangirira mbuzi. Palibe mtengo ngakhale umodzi, dzuwa lowotcha pamutu. Ponyansa. Ndayeza basi. Nyumba ikhoza kukwana ndikaipinda ngati L, khonde kummawa. Mitengo tidzale yathu, idzapereka mthunzi ine ndili ndi imvi. Kumisuku osakumba kanthu, kungoyala miyala pamwamba pa nthaka kuzungulira, kampanda kofika m'maondo, kopanda simenti. Ndajambula ndi pensulo pabondo, mizere yokhotakhota. A lekichala akaona adzagwira mutu.

Ndawaonetsa a R. Ndafunsa ngati khonde liyang'ane kumisuku. Akuti ayi, woyembekezera asadzuke n'kuona kumeneko. Kenako aloza ndi chikhadabo m'mphepete mwa kampanda: "Koma apa uikepo pokhala."

Cha m'ma 3 njinga yamoto yaima pabwalo. Amayi. Osanena kuti akubwera, atasiya golosale ndi aneba, chitenje cha Mvano m'chiuno ngati akupita kumaliro. Moni wa a R. ayankha mwachidule. Akhala pakhonde, ayamba kuvula nsapato, anena ali chiweramire:

"Tamandani, munabadwa awiri. Iwe unalira, mnzako sanalire."

 Zaka 23 osandiuza.

Anali wamkazi. Ndiye anayamba kutuluka, akuti ndiye mkulu wanga. Azimayi anamutenga ine ndili kubere, anawauza amayi kuti asagwetse msozi, akalira wotsalayu amutsatira. Ndiye sanalire. Anapita ku Mponela ndili ndi miyezi itatu, ndipo akabwera kuno amazungulira njira ya kumsika. Bambo mpaka kumwalira kwawo ankangodziwa kuti "zinavuta", osafunsa kuti ali pati.

Ndafunsa kuti mtengo uti. Amayi akuti, "Sindidziwa. Suku lililonse pamsika ndimati mwina ndi la pamenepo."

Onse tayang'ana a R. Iwo adzuka, amanga mpango, akuti akukaona a Nachisale, azamba akale a m'mudzi muno, ndi azimayi ena. Abwera dzuwa litalowa.

Ndatumiza uthenga kwa a lekichala kuti Lolemba ndibweretsa za pensulo, zosatha. Awerenga, sanayankhe. Mtima ukuwawa, chaka chonse chija, amayi atagulitsa mashini osokera kuti ndimalize. Mantha ndili nawo, a chaka ndi a mawa. Ndikazula zikhomo ndekha a F. asanafike, chowauza ndikachiona pomwepo.

Loweruka, 16 Novembala

Ndikulemba masana.

Ndadzuka dzuwa likutuluka, m'nyumba mulibe munthu. Ndathamangira kumisuku ndi hamala yanga. Ndapeza azimayi, mwina makumi atatu, ataima m'mphepete, opanda nsapato, opanda mawu. Ena ndimawadziwa, a pa mjigo, a mu kwaya, awiri aja a mu komiti. A R. ndi a Nachisale amatenga mmodzimmodzi padzanja, kulowa naye, kumufikitsa pamtengo, kuloza pansi, kubwerera kudzatenga wina. Osasokoneza ngakhale kamodzi. Sitiwerenga, anatero, koma onse ali m'mutu mwawo. Mayi wina wamvi anamuimika pa 3, kenako pa 17, kenako pa 20. Memory pa 9. Wakhala pansi, wayala dzanja pa kamulu kaja, pomwe ndinabaya ine.

Ndayamba kuzula zikhomo, chingwe ndikukulunga pamkono. Palibe wandiyang'ana.

Kenako phokoso kumsewu. Azibambo, makasu ndi mapiki pamapewa, a F. patsogolo akuseketsa anzawo. Afika pamphepete, aima. Kuseka kwazima. Pansi pa mtengo uliwonse pali mzimayi, ena awiri, ena atatu, onse chete.

A F. anatsegula pakamwa kuti afunse. Ndiye aona akazi awo, a Agnesi, atakhala pansi pa 6, miyendo yotambasula, akusalaza dothi ndi chikhatho. Ayang'anizana nthawi yaitali. A F. atsitsa piki pang'onopang'ono, avula chipewa. Kumbuyo kwawo wina wavula, winanso. Bambo wina wachinyamata wakhala pansi pamsewu pomwepo, mutu m'manja, ndikuganiza ndi mwamuna wa Memory.

Palibe wanena liwu lija loti nthayo. A F. atembenukira kwa ine, mawu osasa: "A Injiniya, tikakumbe pati?" Ndaloza kuchitunda cha mbuzi. Ndati zikhomo sindinakhome. Akuti, "Tikudikirani kumeneko." Akwera onse mwakachetechete, mozungulira, kudzera njira ya ku mjigo, ija ya azimayi.

Atangopita, wina wayamba kulira. Sindikudziwa ndani. Kenako ponseponse, motsitsa, osati kwa pamaliro, kulira kwa anthu oti anaiwala kaliridwe.

Chikhomo chomaliza chinali cha benchi. Ndinadziwa ndisanafike, miyendo inadziwa. Amayi atakhala pa muzu wa 14, pomwe ndadyera Lolemba, Lachiwiri, pomwe ndinalavulira nthanga. Nkhope yonse yonyowa, osapukuta. A R. ataima kumbuyo kwawo.

Ndaima patali ndi chingwe changa, manyazi, mantha, sindikudziwa. Amayi asendera pang'ono, apapasa pa muzupo.

"Bwera. Wakhala naye sabata yonse osamupatsa moni."

Ndakhala. Pansi palibe kamulu, ndi posalala, masamba ndi masuku basi. Ndaikapo dzanja, pozizira. Chonena ndinalibe, dzina alibe, ndiye ndangoti, "Akulu, ndine."