Tambala Wanga Anafera Chabe

Mwana wanga Yohane,

Ndikhulupirira uli bwino ku Ulayako. Kuno ku Matero tilipo, bondo lokha ndilo likundivuta.

Mnzako Limbikani, amene ndinamuphunzitsa mpira alibe nsapato, wakalambira pa ntchito yothandizira kochi wa timu ya dziko. Kochiyo atachotsedwa, ndinauza komboni yonse kuti mpandowo ndi wa Limbikani. Loweruka ndinapha tambala, ndinaitana anansi kudzamvera pa wailesi dzina la kochi watsopano. Akuluakulu a mpira anasankha mzungu wina, dzina lake losatchulika! A Zulu, mmodzi wa anansiwo, anaseka nati, "Madala, amene wasankha bwino ndinu nokha, nkhuku yakoma." Kodi ana athu adzanyamulira alendo mipira mpaka liti?

Undifunsire kumeneko ngati mzunguyu amadziwika. Akati samudziwa, ulembe zimenezo m'kalata, ndikawawerengere a Zulu pamaso pa anthu.

Mulungu akusunge.

Ndine bambo wako.