Khoma la Buluu

Lolemba, 2 Juni 2025

Kuzizira kwa ku Joni chaka chino n'kwankhanza. Ndadzuka zala zili gwa.

Masana Imelda wandiimbira. Imelda uja tinkakhala desiki imodzi ku Ludzi, pano ali kukhonsolo kwathu ku Mchinji, ofesi ya msonkho wa nyumba. Ndimayesa akufuna nsapato ngati ulendo watha, koma ayi. Akuti akulembanso nyumba zonse za paboma, ndiye papepala la nyumba yanga pali zosagwirizana. Ine ndinalemba kuti mumakhala amayi anga. Anyamata ake oyeza atapita apezamo banja lina, bambo, mayi ndi ana. "Thoko, ngati ndi ya lendi ingonena, msonkho wake ndi wina. Usandiike m'mavuto."

Ya lendi? Nyumba yomwe ndinamangira amayi ndi msana wangawu, kukolopa m'nyumba za eni zaka zonsezi? Ndamuuza kuti anyamata akewo asokoneza mageti. Iye akuti geti lakuda, mtengo wa mapeyala pakhomo, kuseri kwa mzikiti. Ndi yomweyo.

Wilson sakuyankha. Mlongo wanga yemwe uja amayankha foni isanalire n'komwe likakhala tsiku lotumiza ndalama.

Lachiwiri, 3 Juni

W. wayankha. "Achemwali, amenewo ndi alendo chabe." Alendo a kuti? "A kutchalitchi." Mayina awo? Netiweki yavuta pompo. Netiweki ya Wilson ndi yanzeru, imadziwa mafunso oti idukirepo.

Lachitatu, 4 Juni

Ndamukakamiza W. kuti tiimbirane ya vidiyo ndi amayi. Madamu anali atapita kukatenga ana, ndiye ndinakhala m'khitchini mwawo ngati nthawi zonse. Wayifayi imakoka bwino mmenemo, komanso kumbuyo kwanga kumaoneka makabati oyera, osati malata a kachipinda kanga ka ku Diepsloot.

Amayi ali bwinobwino, atakhala pampando, kumbuyo khoma la buluu la pabalaza. Buluu ameneyo ndinasankha ndekha, mpaka ndinakangana ndi wopenta. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndiye ndinati, amayi, tembenuzani foniyo ndione matailosi anga. Akuti, "Foni ya mwini sindiyendetsa, ingagwe." Nanga alendo aja? "Anthu amabwera, amapita." Basi ayamba kundifunsa ngati ndikudya.

Tili mkati molankhula kunalira belu. Belu lalikulu, la kutchalitchi, lapafupi ndithu. Amayi anatsokomola dala, W. n'kudula foni.

Paboma, pakhomo langa, chomwe chimamveka masana ndi kuitana kwa kumzikiti. Poyamba paja tinkachita kudikira kuti amalize kuti timvane. Ndakhala ndikuganiza, kuitana kumene kuja ndinakumva liti komaliza pafoni? Chaka chatha, mvula isanayambe.

Lachinayi, 5 Juni

Ntchito sinayende. Ndapsereza malaya a abwana ndi simbi, ndawabisa pansi pa zochapa.

Pa nthawi yopuma ndaunika zithunzi zonse zomwe ndinkajambula tikamaimbirana. Zakale, paphewa la amayi pali switchi ya magetsi. Zatsopano, palibe. Khomanso ndi la mabampu, pomwe langa anapaka pulasitala wosalala, ndinalipira kawiri. Ndipo nthawi zonse amaimba masana. Ndikati madzulo, "magetsi azima achemwali."

Kenako ndaona pa sitetasi ya W. njinga yamoto yofiira, iye atakhalapo, magalasi akuda kumaso, akuti wayamba kabaza wa kumalire ku Mwami. Wilson amene sanasungepo ndalama ya buledi mpaka mawa!

Ndiye nkhani yake ndi imeneyi. Wawatulutsa amayi, waikamo anthu, akudya lendi. Amayi wawaponya kuti? Ndipo akumubisiranji? Mwana wawo wotsiriza, angakhale atawotcha nkhokwe anganene kuti ndi mphepo. Ndakwiya koopsa.

Loweruka, 7 Juni

Imelda akuti ndikasaine ndekha pepala la nyumba mwezi uno usanathe, kapena ndilembe kalata yopatsa munthu mphamvu zondisainira. Munthu wake ndani, Wilson? Ndaseka.

Nayenso Imelda sindikumumvetsa. Ndamufunsa kuti amayi wawaonapo paboma masiku ano? Akuti, "Mmm, ine sindiyendayenda." Mchinji ndi waukulu bwanji kuti munthu osamuona kumsika? Onsewa akudziwa kanthu.

Ndapempha sabata imodzi kwa madamu. Alola, nkhope ili ndwii. Kumudzi sindiuza aliyense.

Lachitatu, 11 Juni

M'basi. Miyendo yatupa. W. watumiza uthenga, "Muli bwanji achemwali, kuno tonse tili bwino." Sanayambepo wandipatsa moni wopanda pempho kumapeto.

Lachinayi, 12 Juni

Ndafika paboma dzuwa litapendeka, ndalunjika kunyumba chikwama chili kumutu. Ndinakonzeka kutukwana.

Geti anatsegula mayi wowonda, mwana kumsana, sopo m'manja. Nditatchula dzina langa anagwada pomwepo pa simenti. Dzina lake Eliza, amuna ake a Kwacha, kwawo ku Phalombe. Anali matenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Ludzi, nyengo itatha anawauza kuti azipita, yobwerera kwawo alibe. Amayi anga anakumana naye kuchigayo, iye akulira.

Ndinamufunsa mosapita m'mbali, lendi mumapereka kwa Wilson? Akuti, "Lendi ayi mayi. Agogo anakana. Anangoti tizisesa, tiziyatsa getsi la panja, nyumba isafe." Ndinamuyang'ana m'maso kuti ndione ngati waphunzitsidwa. Sindikudziwa. Wilson amatha kuphunzitsa.

Ndalowa chipinda chilichonse ngati wapolisi. Kunena zoona nyumba ndi yoyera kuposa mmene ndinaisiyira. Matailosi akuwala. Pomwe ndinati padzakhale maluwa adzalapo mpiru. Iwo amagona chipinda chaching'ono, onse, pamphasa. Chipinda cha amayi ndi chokhoma. Ndasuzumira pawindo, matiresi akadali mu pulasitiki wake, sanagonepo munthu chigulireni.

Pabalaza khoma la buluu lili pomwepo, ndi switchi yake.

Agogo ali kuti? "Kumudzi, ku Guilleme." Anapita liti? Wayang'ana pansi. Anawapititsa ndani? "Mukawafunse okha mayi, ine ndingalakwitse."

Ndagona kwa Imelda. Wandipatsa pepala lija kuti ndilembe, ndaliika m'chikwama. Akuti, "Ine ndinaona kuti ukapanda kubwera wekha sudzamva." Ndiye ankadziwa.

Lachisanu, 13 Juni

Ndakwera kabaza m'mamawa, ndinaonetsetsa kuti njinga yake si yofiira.

Mudzi uli mmene unalili. Minda yayera, mapesi ali mbwee, pakhomo paliponse ayanika mtedza. Nyumba ya malemu abambo ndinkayesa inagwa, koma ili chilili, udzu watsopano padenga. Ndinadzera kuseri kuti asandione.

Ndiye pakhonde, khoma la dothi lija, pakati pake apentapo buluu. Kachigawo chabe, kukula ngati chitseko. Buluu wanga yemwe uja. Patsogolo pake mpando, pamwamba msomali wokolekapo kalendala. Mbali zonse dothi. Ndinaima ngati chitsiru, osadziwa kuti ndiseke kapena ndilire.

Amayi anali pansi pa mtengo wa mango ndi amayi ena atatu, akuswa mtedza, nkhani zili mkati, akuseka mpaka kugwira nthiti. Kuseka kumene kuja sindinakumvepo pafoni. Atandiona lichero linagwa. "Iii, Thoko! Wabwera osanena? Tikanakonzeka!" Anzawo aja kuseka kwake, zikuoneka kuti mudzi wonse ukuidziwa nkhani ya khomali kupatula ine mwini penti.

Sindinapereke ndi moni womwe, Mulungu andikhululukire. Ndinangoti, Wilson anakuthamangitsani eti? Amayi akuti, "Wilson angathamangitse ndani? Ndinachita hayala ngolo ndekha. Iye anandipeza kuno akulira kuti achemwali andipha. Penti ndinamutuma ndine, wotsala uja unasiya m'chipinda chosungira katundu."

Anzawo atapita ndinawafunsa chomwe chinalakwika ndi nyumba yanga. Akuti palibe, ndi yokongola. Koma mpanda ndi wautali, munthu wodutsa samuona, wonena odi palibe. Tsiku lonse ankalankhula ndi wayilesi. Pa matailosi anaterereka kawiri, osandiuza. Chomwe chinawapweteka kwambiri, aNazulu, mnzawo wa pa utsikana, anamwalira kuno, uthenga unawapeza paboma ataikidwa kale. "Ndinali m'nyumba ya magetsi, mnzanga akulowa m'manda popanda ine. Ndinati ayi, nanenso ndidzafa anthu osamva."

Ndinalira, koma mkwiyo sunathe. Ndawauza kuti zaka zanga zonse zili m'nyumba imene ija. Sindinakwatiwenso, sindinagule ngakhale jekete labwino, kuti iwo agone pabwino. Bwenzi atangondiuza, osati kundinamiza ndi kachigamba ka penti ngati mwana. Anangotola mtedza unatayika uja.

W. wabwera madzulo, njinga waisiya patali kuti akathawe bwino. "Mwafika bwanji achemwali." Akuti anagula ndi ndalama za soya. Amayi avomereza. Za nyumba ndamuchotsa mlandu, za njinga ndikumukayikirabe.

Loweruka, 14 Juni

Ndagona pamphasa, msana ukudandaula, koma ndagona tulo.

M'mawa ndakhala pampando wa pakhoma la buluu uja kulemba pepala la Imelda. Pomwe akufunsa okhalamo ndalemba a Kwacha ndi Eliza. Pomwe akufunsa ngati amalipira lendi ndalemba ayi. Akhulupirire, asakhulupirire, Lolemba ndikasaina. Dzina la amayi ndalifufuta.

Amayi anabwera ndi mbatata yootcha n'kukhala pansi pambali panga. Ndinayambanso, kuti chinandiwawa ndi bodza. Anasenda mbatata yawo pang'onopang'ono, kenako akuti, "Nanga khitchini ija ya makabati oyera ndi yako?"

Ndinaika cholembera pansi.

Akuti Ruth wa kwa aNaphiri, yemwe naye ali ku Joni, atabwera pa Khirisimasi anawauza zonse. Kachipinda ka malata, chimbudzi cha anthu ambirimbiri, mvula ikagwa ndimaika beseni pabedi. "Ndinati mwana wanga akufuna ndizimuona ali pabwino, ndimusiye. Ndiye nanenso ndinafuna uzindiona ndili pabwino."

Belu la ku mishoni linalira, lomwe lija. Ndinatulutsa foni. Chithunzi cha chipinda changa ndili nacho chimodzi chokha, ndinajambula kuti ndionetse landilodi pomwe pakudontha. Ndinawapatsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, foni ataigwira ndi manja awiri, ndipo sinagwe.

"Bulangete ndi limodzi lomweli?"

Ndinati eya.

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Atuluka ndi bulangete lalikulu lija ndinawatumizira chaka chatha, likadali m'chikwama chake cha zipi, aliika pamwamba pa katundu wanga.