Zithunzi za Nyumba Yopanda Amayi

27 Januwale

Okondedwa achemwali,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ija ikuvutabe. Akundilemberawa ndi a telala oyandikana nafe, poti dzanja langa mukulidziwa, ndipo pa foni ndikuopa kuti ndingalire musanamve zonse.

Ndiyambire pati kodi? Pa foni munanditumizira ija. Chaka chatha chonse mumandiseka kuti ndikajambula ndimadula anthu mitu, penanso chala changa chimatseka theka la nkhope ya amayi. Ndiye chaka chitangoyamba ndinalonjeza mumtima kuti ndiphunzira kujambula ngati anthu. Ena amalonjeza kusiya mowa, ine langa linali limeneli.

Achimwene atamva anasangalala mondidabwitsa. Munthu woti akabwera kuno sakhala n'komwe pansi, tsiku limenelo anaswera kundiphunzitsa. Akuti uzipukuta kagalasi ka foni ndi nsalu, dzuwa lizikhala kumsana kwako, utsegule makatani, uime pakona kuti chipinda chioneke chachikulu. Mabeseni tinabisa kuseri kwa chitseko, pa mng'alu wa pabalaza paja tinapachikapo kalendala. Ine kumangoseka. Amayi anavala mpango wawo wa kutchalitchi n'kukhala pampando wawo wa pazenera, koma achimwene anati, "Amayi, tapitani kaye panja mukaothe dzuwa, tikuyesa kuwala."

Zithunzizo ndinakutumizirani zonse. Munayankha kuti, "Mng'ono wanga wasanduka katswiri, tumiza zina za kumaso kwa nyumba, popanda munthu." Uthenga umenewo ndinauonetsa kwa anzanga onse ku saluni. Onse, a telala, lembani choncho, ngakhale makasitomala.

Loweruka lapitali kunabwera bambo ndi mayi pa galimoto. Mayiyo analowa foni ili m'manja, kuyang'ana foni, kuyang'ana khoma. Nditasuzumira ndinaona chithunzi changa, chija cha pazenera, dzuwa likuwala pampando wopanda munthu. Pansi pake analembapo kuti nyumba yogulitsa. Bamboyo anatukula kalendala ija n'kuseka, akuti wojambula wanuyu ndi wochenjera. Nditafunsa kuti akugulitsa ndani, anati ana a mayi eni nyumbawa, wamwamuna ndi wamkazi amene ali kutali uja, ndipo akuti analankhula nanu dzulo lake.

Achemwali, ine sukulu sindinapite nayo patali. Mwina pali chifukwa, mwina mwawapezera amayi malo abwino, kaya. Koma bwanji osandiuza? Nanga bwanji munasankha manja anga? Amayi ndinawatulutsa panja ndine, nditawagwira mkono, ndikuwauza kuti asachedwetse ntchito. Ayi, musafufute a telala, zikhale momwemo.

Amayi sakudziwa kanthu. Akuganiza kuti alendo aja anabwera kudzaona luso langa. Tsopano galimoto ikangoima pageti amaitanitsa mpango uja, akuti mwina lero awajambula nawonso. Ine sindiwauza. Muwauze nokha Lamlungu mukaimba, ndidzawagwirira foni kukhutu ngati masiku onse.

Mu envelopu muno ndaikamo chithunzi chimodzi chimene ndakachapitsa. Ndi cha chaka chatha, chamdima, chala changa chilipo, mng'alu ukuoneka bwinobwino. Koma amayi alimo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti ndikupatseni moni wambiri, ndipo akuti ndikuuzeni kuti chipinda chanu amandisesetsa sabata iliyonse, tsiku lililonse limene mungabwere mudzachipeza monga munachisiyira.

Ndine mng'ono wanu,
Wodula mitu uja