Alamu Anadziyankhira Okha Kukhoti

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko. Kuno ku Ngala tonse tili bwino, kupatula amayi amene miyendo ikuwavutabe.

Achimwene, akazi anu aja sitimawadziwa! Mwezi watha tikupita ndi nsomba ku boma pa galimoto yanu, alamuwo akuyendetsa, apolisi a pamsewu anatiimitsa pa Liwaladzi. Anati tathamanga pamalo oyenera kuyenda pang'onopang'ono, ndiye tilipire chindapusa. Koma alamu anati, "Bwana, chikwangwani sindinachione. Ndilembereni kalata, ndikafotokoze kukhoti."

Tinabwerera wapansi n'kukachipeza chikwangwanicho chili m'maudzu, chitagwa ndi mvula. Alamu anachijambula pa foni.

Tsiku la mlandu ndinawaperekeza. Munthu amene amachita manyazi ngakhale kupemphera pa msonkhano wa amayi kutchalitchi anaimirira pamaso pa a majisitireti, mawu osanjenjemera. Anati, "Ngati ndinathamanga, ndikupepesa. Koma lamulo logona m'maudzu ndikanaliwerenga bwanji?" Atatero, anaonetsa chithunzi cha pa foni chija. A majisitireti anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako anafunsa wapolisi uja, iye n'kuvomera kuti chikwangwanicho chinagwadi. Mlandu unathera pomwepo, osalipira kanthu. Ine misozi inangotsika yokha. Mpaka lero sindikumvetsa kumene anatenga mtima wolimba chotere.

Mukaimba foni muwayamikire, chifukwa okha sangakuuzeni. Chonde mutumizeko mankhwala opaka a amayi. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ine mlongo wanu,
Esinati