Mervin Wapita ku Chongwe

Palabana,
Chongwe.
14 Sepitembala 2024

Okondedwa Sisi Ednah,

Lero mwamuna wa eni ake wandinena matako, ndipo ndilibe kokadandaula chifukwa wolakwa ndine. Ndinali nditawerama pa pampu ya kudamu, nditavala ovolosi ya mwamuna wanga Mervin, majombo ake ndi chipewa chake chija chodyedwa ndi makoswe. Musandifunse chifukwa, zovala zakuda sizigwirizana ndi matope. Ndinangomva galimoto yaima kumbuyo kwanga, kenako mawu: “Iwe mudala! Chilala chonse ichi, iwe matako yakulilako? Udya chani?”

Nditatembenuka, bambo wa imvi zake anavula chipewa, n’kuchivala, n’kuchivulanso.

Ndi ba Sanford, mnzake wa Mervin wa kumbedza. Inu simuwadziwa. Ngakhale ine ndimawadziwa kumsana kokha, chifukwa akafika amalunjika kumadzi. Nyumba yawo ili ku Silverest koma ntchito ndi ya kumigodi ku Solwezi, ndipo kuno amabwera kamodzi pachaka, kuzizira kukatha. Ubwenzi wawo unali wa nsomba basi, sankaimbirana foni. Amuna amatha kukondana mpaka imvi wina osadziwa kuti mnzake amapemphera mpingo uti.

Atatha kupepesa anafunsa, “Nanga ba Mervin bali kuti, amake Peace?”

Sisi, munalipo pamaliro ku Katete mu Juni. Munaona kuti sindinalire, mpaka munanditsina kunsi kwa chitenje kuti apongozi asandiganizire zina. Chimene simudziwa n’chakuti kuchokera tsiku lija sindinauzepo munthu ndi pakamwa panga kuti Mervin anamwalira. Onse amafika akudziwa kale. Iwo amanena, ine n’kugwedeza mutu. Lero ndiye waima pamaso panga munthu wosadziwa, chipewa kumanja, ndipo ndinangomva pakamwa pakuyankha pokha: “Bayenda ku Chongwe kugula dipi ya ng’ombe. Bazabwela.”

“Palibe vuto,” anatero. “Nizabayembekeza ku madzi.”

Ndiye ali kumadziko. Ine ndakhala pakhonde, ndikulemba kalata ino kuti ndioneke wotanganidwa. Magetsi anapita dzulo, foni yazima, choncho ku Lundaziko mulandira pepala ngati masiku aja ndili ku koleji. Mphunzitsi wathunthu, amene ndimalanga ana a eni akanama kuti buku ladyedwa ndi mbuzi, ndatuma mwamuna wakufa kukagula dipi.

Za damu sindinakuuzeni. Mvula ya chaka chino mukuidziwa. Madzi atsika mpaka zitsa zimene Mervin ankati ndi zipinda za nsomba zangoti yangalala pamtunda. M’menemo muli mabulimu, muli milamba, komanso zija ankazikonda kuposa ine, mabulakibasi, nsomba za kukamwa ngati chidebe zimene zimadya zinzake. Anazibweretsa zili ngati chala, m’chigubu, atazikhazika pampando wakutsogolo, ine mkazi wa ukwati woyera ndili kumbuyo ndi matumba a gaga. Zitakula ankaziwedza, kudula kachidutswa pa chipsepse chapamsana kuti azizizindikira, n’kuzibwezera m’madzi. Kunyumba n’kufika chimanjamanja, kudzafunsa ngati kapenta wapsa.

Lawson, mng’ono wa Mervin uja, akubwera Lachiwiri ndi ukonde. Akuti damu liuma, nsomba zifa pachabe, bola tikokolole zonse. Ndinati chabwino. Masiku ano ndimati chabwino pa chilichonse. Anapempha njinga, chabwino. Jekete la ku tchalitchi, chabwino. Akanapempha denga ndikanangofunsa ngati akufuna ndi misomali yomwe. Si kufatsa, Sisi, inu mukundidziwa. Ndili ngati mwendo umene wachita dzanzi: umaona ndi maso kuti akukutsina, koma osamva.

Ndiime kaye, ba Sanford akundiitana.

Ndabwerako. Ndinawapeza ali m’matope mpaka m’mawondo, atanyamula bulakibasi yaitali ngati mkono wanga.

“Amake Peace, onani apa,” anatero, akuloza pamsana pake. “Iyi ni ya mudala, chizindikilo chake ni ichi. Chaka chatha inanidulila chingwe, ine nakuwa ati ng’wena! Mudala anaseka mpaka anankhala pansi mu matope.”

Anandipatsa kuti ndiigwire. Inali yolemera, yozizira, ikutsegula kukamwa ngati ikufuna kundifunsa kanthu. Ndinaika chala pamene panadutsa kampeni ka Mervin. Panapola bwinobwino. Ndinadikira kuti mwina apa ndiye ndimva kanthu. Ndinamva fungo la nsomba.

“Simuitenga ya ndiyo?” ndinafunsa.

“Ah, mufuna mudala anipaye?”

Anaimiza m’madzi ataigwira kumchira, mofatsa ngati akusambitsa khanda, mpaka inadzigwedeza n’kupita. Kenako anayamba kundifotokozera za m’damu ngati dokotala wochokera m’chipinda cha wodwala.

“Mabulimu yapaka, ni yambili, koma ni yang’ono-yang’ono, yalimbilana vakudya. Milamba osaidela nkhawa, iyo olo mu matope inkhala. Manje mabulakibasi yabala, naona twana mu mauzu kufupi na chipupa. Kuja kukali kwakuya, munthu angamile. Mvula ikabwela mu Novembala yazapulumuka, ndipo chaka cha mawa muno muzankhala nsomba zakuti anthu bazayamba kumupempha mudala. Chabe ng’ombe zizimwela ku mbali ina, na ukonde usangenemo olo kamodzi. Koma nizamuuza neka akabwela.”

Ndinati chabwino.

Tsopano ndikuuzeni chochititsa manyazi kuposa matako. Sindikufuna kuti achoke. Malinga munthuyu ali kudamu, Mervin ali ku Chongwe. Ndikumuona ali m’sitolo ya mankhwala a ziweto, akuwerenga chibotolo mbali zonse ngati mayeso, akukangana ndi wogulitsa kuti dipi wa masiku ano ndi madzi. Minibasi ikamveka kumsewu ndikumadzutsa mutu. Ndapita kukaphika tiyi, ndapezeka ndatulutsa makapu atatu.

Posachedwapa anafika amai Justina, aneba athu, kudzatenga mkaka. Maso awo mukuwadziwa, sadutsa kanthu.

“Motoka ni ya bandani? Ni opepesa? Lekani nikabapase moni.”

Ndinawathirira mkaka mpaka kusefukira, ndinawagwira pamkono, n’kuwaperekeza mpaka kumsewu ndikuwafunsa za bondo lawo. Nkhani ya bondo limenelo ndi yaitali, inayambira pa ukwati wa mwana wawo woyamba. Anaifotokoza yonse mokondwa, akudabwa kuti lero ndafunsa ndekha.

Dzuwa lapendeka tsopano. Ba Sanford abwera pakhonde, amwa tiyi, ayang’ana kumsewu.

“Dipi yavuta ku Chongwe, ai?”

“Kapena ni mamotoka,” ndinatero.

“Mudala samachedwa so akaziba kuti madzi yafunda.”

Akhala akutsanzika kuyambira pamenepo. Aimirira, akumbukira nkhani ya tsiku limene Mervin anadzikola mbedza kukhutu, akhalanso. Apinda ndodo zawo zowedzera, azimasulanso kuti andionetse chingwe chatsopano, ngati ine ndingasiyanitse ndi chowanikira zovala. Ine ndikulemba, iwo akuyesa ndikukonza za ana asukulu. Pomaliza atulutsa kachule ka pulasitiki kobiriwira, ka mbedza kumimba, akaika patebulo pafupi ndi pepala lino.

“Mumupase aka, anakakhumbila chaka chatha. Mumuuze nizabwela pa Chibelu cha mawa tikayese pamozi, nikalibe kubwelela ku Solwezi.”

Loweruka likudzalo, Sisi. Ukonde wa Lawson udzakhala utadutsa kale. Munthuyu adzaponya kachule kake m’matope opanda kanthu, ndipo ine ndidzamutumanso kuti Mervin? Dipi sagula sabata ndi sabata.

Alowa m’galimoto, aliza injini. Dikirani.

Ndanena, Sisi.

Ndinathamanga majombo akundivuka, n’kugogoda pagalasi. Atatsitsa ndinati, “Ba Sanford, nanama. Ba Mervin banamwalila mu Juni. Banagwa chabe ku khola. Tinabaika ku Katete.” Mawu anatuluka owuma, ngati ndikuitana mayina m’kalasi.

Anazimitsa injini. Anatsika, anavula chipewa, n’kukhala pansi m’fumbi atatsamira tayala. Kenako analira. Bambo wamkulu, wa kumigodi, kulira kokoka mamina. Ine ndinaima pamenepo kachule kali kumanja, sindikudziwa kuti ndinakatola nthawi yanji, ndikuti pepani, limbani mtima, ndi njira ya tonse. Mawu onse aja anthu anandisiyira mu Juni ndawapezera ntchito lero.

“Manje munanilekelela bwanji kukamba vonse vija?” anatero atapuma. “Na vija va pa pampu, mayo ine!”

“Va pa pampu munakamba zoona.”

Anaseka misozi ili m’masaya, n’kuyambiranso kulira. Atatha anayang’ana kudamu.

“Nanga vamene nenze kufuna kumuuza, va madzi?”

“Mwauza ine. Namvela.”

“Nsomba zija azasunga ndani?”

Ndinayang’ana uku ndi uku. Panalibe wina, koma mayi mmodzi wovala ovolosi ya mwamuna wake. Ndinati, “Nilipo.”

Choncho magetsi akabwera ndimuimbira Lawson kuti ukonde wake akaupezere madzi ena. Adzakuimbirani kudandaula kuti mlamu wayamba mwano. Inu mudzangoti chabwino. Mawuwo ndakubwerekani, ine ndatopa nawo.

Munthu akamva za maliro sangonyamuka, ndiye ba Sanford anabwereranso pakhonde. Tiyi wa m’kapu yachitatu uja, wozizira kale, amwa ndi iwo, ndipo sindinawaletse. Andionetsa mmene amamangira kachule kuchingwe. Ndalephera, andionetsanso, ndalepheranso. Akuti Loweruka abwerabe, ndi akazi awo, kudzapepesa mwa mwambo wake, ndipo ndodo imodzi adzanditengera.

Musafunse ngati ndalira. Sindinalire. Koma taonani zilembo zanga m’munsi muno mmene zapindikira. Dzanzi likamachoka, mwendo umayamba kubaya ngati singano. Ndikuganiza kuti zayamba ndi zimenezo, ndipo sindikuzikonda ngakhale pang’ono.

Mundiperekere moni kwa alamu ba Fidelis, muwauze asiye mchere, sindikuseka. Moni kwa ana onse. Peace ali bwino kusukulu, akuti nsapato zamuthina. Phazi ndi la bambo ake. Mukapeza mpata mubwere mvula isanayambe, mudzandithandize kusuntha momwera ng’ombe. Mudzabwere ndi zovala zoti zide.

Apa ndi pamene ndinkalemba kuti alamu anu akuti moni. Dzanja linayamba kale lokha, mwaona pamene ndafufutapo. Musavutike kuwerenga.

Galimoto yafika pageti. Aima, atsika, akoka geti n’kulimanga ndi waya kawiri, mmene mwini wake ankafunira. Andikwezera chipewa. Apita.

Ndine mng’ono wanu,
Olipa