Ndinali Kumpando Wakumbuyo

Lolemba, 6 Meyi

Tanya wachedwanso. Ine chiimire pa siteji ya Kabwata, fumbi m'maso. Akafika palibe pepani, koma hutala. Galimoto ndi ya amayi ake a ku Kabulonga, ife ndi okwera chabe, ndiye tizingomwetulira. Emmy kutsogolo monga mwa masiku onse, poti amakwerera ku Chilenje ine ndisanakwere. Ine kumbuyo pamodzi ndi nsapato za Tanya ndi mabokosi a chipisi cha sabata yatha. Fungo lake, mayo ine.

Pemphero tisananyamuke, limenelo sililephereka. Maso otseka, dzanja limodzi m'mwamba, lina pa chiwongolero chake chovekedwa ubweya wapinki chija. Lero anapempherera mayeso a Lachinayi. Atangoti ameni anatukwana kondakitala wa minibasi mpaka kwa amayi ake.

Fabian, mkonzi wa nyuzipepala yathu ya pakoleji, akufuna katuni pofika Lachisanu. M'mutu mwanga mulibe kanthu. Zimbudzi za ku laibulale ndazijambula kale kawiri. Ndi iye yekha amene akudziwa kuti “Diso” wojambula uja ndine.

Lachinayi, 9 Meyi

Ndanyansidwa.

Tili pa maloboti, foni ya Tanya inalira. Mnzake wa kutchalitchi, ati ali ndi likeji, mafunso enieni a pepala la lero. Tanya anati, “Tuma pa namba ya Emmy, yanga yasila moto.” Kenaka, “Iwe Emmy, belenga mokweza, ine niyendesa.” Emmy anati sakufuna. Tanya anangomuyang'ana cham'mbali, diso lija lokumbutsa munthu kuti minibasi zilipo. Emmy anawerenga. Mafunso asanu. Atamaliza, Tanya nkumenya chiwongolero: “Mwaona? Mulungu ni wabwino!”

Ndinangoyang'ana pawindo. M'holo anabwera anayi mwa asanu aja, ndendende. Ine ndinali nditawerenga kale, sindinkafuna likeji ya munthu.

Lachisanu, 10 Meyi

Katuni yatuluka yokha, ola limodzi silinakwane. Mitu iwiri ya atsikana m'galimoto, manja m'mwamba, mngelo akulowetsa pepala la mayeso pawindo. Wigi ya Tanya ndaikoka mpaka kudenga. Ubweya wa chiwongolero ndaujambula tsitsi ndi tsitsi, mtima kuti myaa.

Fabian anaseka mpaka kutsokomola. “Iyi ni moto, ba Diso. Ni motoka ya zoona?” Ndinati ndi za m'mutu chabe. Anandiyang'ana, sanafunsenso. Iyeyo bola nyuzi ithe, ngakhale mutajambula maliro a agogo ake angasindikize.

Lachitatu, 15 Meyi

Koleji yonse ili pa tsamba lachitatu la nyuzi, pa katuni yanga. Ndinaiwala kuti chiwongolero chaubweya pano nchimodzi chokha. Anyamata akaona Tanya akumakweza manja nkumati aleluya. Ndinasekera m'chimbudzi, ndekha, mpaka misozi.

Pobwerera m'galimoto Tanya akuti akamupeza Diso amuthyola zala. Ine nkumavomereza, “Anthu ena alibe nchito.” Mawu anatuluka bwinobwino, osagwira pakhosi. Zimenezo zandidabwitsa.

Lachisanu, 17 Meyi

Zasanduka zina. Akuluakulu a koleji aitana Tanya ndi Emmy, ndipo alanda mafoni. Ya Tanya akuti inatayika Lamlungu ku tchalitchi, yomwe ali nayo ndi yatsopano, yoyera ngati mbale yotsuka. Mu ya Emmy mafunso onse asanu alimo, ndi nthawi yake yomwe. Wopusa iwe, bwanji sunafufute?

Ine sanandiitane. Pa katuni pali mitu iwiri, ndipo Tanya wawauza kuti tsiku limenelo anali awiri okha.

Lolemba, 20 Meyi

Atate a Tanya anabwera. Galimoto yaitali ngati ya maliro, mlonda wa pageti mpaka kuvula chipewa. Analowa mu ofesi, anakhalamo kanthawi kochepa, potuluka akuseka ndi a wapampando wa komiti yoweruza milandu ya ophunzira, akugwirana mapewa. Akuti anaphunzira limodzi.

Nkhani tsopano ndi yakuti Tanya ankayendetsa, sanagwire foni, sanamve kanthu. Emmy yekha ndiye akaonekera ku komiti Lachisanu. Bungwe limene limamulipirira sukulu likangomva za kubera mayeso, basi. Azakhali ake a ku Chilenje anena kale kuti akachotsedwa abwerere ku Petauke. Chaka chachitatu, kwatsala miyezi isanu ndi umodzi.

Emmy sakukweranso nafe. Tanya wandiuza ndikhale kutsogolo. Ndinakhala. Mpando ndi wofewa, nzoona. “Bakakufunsa ukambe chabe ati siunaliko, mwandi. Emmy ni munthu wa Mulungu, azapeza njila.” Anatsegula nyimbo za chitamando mpaka m'tauni.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndapita kwa Fabian kuti mwina alembe kanthu. Akuti nyuzi siilowerera milandu ya komiti. Chimene akufuna ndi katuni ina, ya Emmy atanyamula sutikesi. “Banthu bazaikonda.” Ndinafuna kumulavulira.

Tanya ndi wonyansa, atate ake ndi onyansa, Fabian ndi wonyansa, komiti yonse ndi yonyansa. Ndalemba mzerewu ndipo ndikuona kuti ndasiya dzina limodzi.

Lachitatu, 22 Meyi

Ndinakumana ndi Emmy kumbuyo kwa laibulale, akudya mabanzi ouma. Waonda m'masiku asanu okha. Ndinayamba zija za pepa, Mulungu alipo. Anandidula.

“Bernadette, nindani amaona kumbuyo kwa mutu wanga daily? Mu katuni muja muli na kachipsela ka pa khosi panga.”

Kachipsera kaja ndinakajambula osaganiza nkomwe, dzanja linangokaika. Wakhala akudziwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo ku ofesi sanatchule dzina langa. Ndinamufunsa chifukwa. Anati, “Nifuna nione ngati uzabwela weka.” Anakutumula nyenyeswa pa siketi nkumapita.

Tsopano ndilembe zimene ndinazemba pa 9 Meyi. Titafika pakoleji tsiku lija panali patatsala mphindi makumi anayi. Ndinathamangira kuseri kwa holo, ndinatsegula manotsi pa mitu ya mafunso asanu aja basi. Funso lachitatu sindikanalikhoza. Amene sanatsegule buku ndi Emmy, anakhala pa sitepe akulira. Ndiye ine nkupita kukajambula anzanga ngati ndine woyera. Ndikudzinyansa kuposa mabokosi a chipisi aja.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndawauza zonse amayi akusita nsalu zawo zokagulitsa ku Kamwala. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoimika ayironi nkufunsa, “Ukakamba, bazakuchosa?” Ndinati sindikudziwa, mwina pepala lokha, mwina chaka chonse. Anasitanso nsalu yomwe anali atasita kale. Kenaka anati mawa ndivale bulauzi yoyera ija.

Tanya waimba kasanu. Sindinayankhe.

Lolemba, 27 Meyi

Lachisanu sindinathe kulemba, ngakhale Loweruka.

Ndinapita ku komiti, ndinanena zonse: foni, maloboti, Diso, mphindi makumi anayi. A wapampando ankangoyang'ana wotchi, nkhope ngati ndawathira madzi a mbale pa nsapato. Mayi wina wa m'komiti ndiye ankalemba, ndipo anafunsa kawiri kuti anapereka namba ya Emmy ndani.

Chigamulo chatuluka lero pa bolodi. Pepala lafafanizidwa kwa atatu tonse, tidzalembanso chaka chamawa. Ine ndi kalata ya chenjezo pamwamba, komanso andiletsa kujambula mu nyuzi. Tanya alibe kalata, ndithudi. Wandidutsa pa geti ngati mtengo wa magetsi. Emmy sakuchotsedwa. A bungwe lake akuti amuonabe mpaka Disembala.

Madzulo minibasi ya ku Chilenje, yodzaza, kondakitala akununkha thukuta la dzana. Ndinapanikizika pakona ndi thumba la kapenta la mayi wina pamiyendo. Itatsala pang'ono kunyamuka analowa Emmy. Malo analipo kutsogolo, koma anapyola mpaka pamene ndinali ine. Ndinatsegula pakamwa, sindikudziwa kuti ndimati ndinene chiyani.

“Usakambe. Sininakukhululukile,” anatero. “Sendela, nikhale.”